Kachipangizo ka pansi pa phazi: mbiri ya mabuleki ndi amakaniko a ku Lundazi

Pansi pa chiwongolero cha galimoto zimene zikunyamula anthu pakati pa Chipata ndi Lundazi masiku ano, pamwamba pa chitsulo chimene dalaivala amaponda akafuna kuima, pali kachipangizo kosaposa chala kutalika kwake. Wokwera sakaona. Madalaivala ambiri amayendetsa zaka osakakhudzapo, ndipo ngakhale kugalaja kamakumbukiridwa tsiku limene galimoto yakana kulira m'mawa, kapena giya yakakamira pa P katundu atakwezedwa kale. Ntchito yake ndi kudziwitsa ziwalo zina za galimoto kuti phazi lafika pa buleki, ndipo m'galimoto zaposachedwapa kamanenanso kuti phazilo lazama kufika pati ndiponso latsika mofulumira bwanji. Amakaniko amakatchula kuti switchi ya buleki kapena sensa ya buleki, malinga ndi mtundu wake. Mfundo yanga ndi yakuti kachipangizo aka kafikitsa ntchito ya umakaniko ya m'boma la Lundazi pamphambano. Luso lolumikiza ndi kugamba, limene linayendetsa malole ndi mabasi m'zaka zimene zitsulo zinkasowa, silikukwaniranso palokha, ndipo pena likuika miyoyo pachiswe. Komabe kunyoza makaniko wa pansi pa mtengo wa mango sikungathandize, ngakhalenso kukokera ku Lusaka galimoto iliyonse imene yayatsa nyali yochenjeza. Chofunika ndi kuti luso loyeza magetsi lifike m'manja omwe aja amene amadziwa kale sipanala, komweko ku Lundazi, monga mmene ntchitoyi yakhala ikuphunzirira zatsopano nthawi iliyonse imene mabuleki asintha.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mtunda. Lundazi ili pa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, ndipo Chipatayo ili pa makilomita oposa 550 kuchokera ku Lusaka. Kum'mawa kuli malire a Malawi pa Lusuntha, kumpoto kuli msewu wa ku Chama, kumadzulo dziko limatsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa, kumene kuli midzi ya kwa Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya. Njanji sinafikeko. Chimanga, mtedza, thonje ndi fodya zimatuluka pa matayala, feteleza ndi mankhwala a chipatala zimalowa pa matayala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, bwanamkubwa wa bomali Errol Button anamangitsa nyumba yogona alendo yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene lero ndi Lundazi Castle Hotel, ndipo kumangidwa kwake ndi umboni wakuti munthu wochokera ku Fort Jameson (Chipata ya lero) pa msewu wafumbi wa nthawi imeneyo ankafika ali wofuna pogona. Mu 2018 boma linagawidwa, nkubadwa maboma a Lumezi ndi Chasefu, koma mtunda sunachepe. Kumalo kotere galimoto ikafa imakonzedwa pomwe yafera, apo ayi imaolera pomwepo, nkhuku nkumaikiramo mazira. Umakaniko wa kuno unabadwa m'mtunda umenewu, ndipo mtunda womwewu ndi umene ukufuna kuti nzeru za sensa zisatsalire m'magalaja akuluakulu a mumzinda.

Mabuleki oyamba amene anthu a kumidzi anawadziwa bwino anali a njinga ndi a ngolo. Pa njinga yakapalasa yachikale, ukakoka chogwirira umaona ndi maso ndodo yachitsulo ikukwera, ikukoka ina, mpaka timphira tiwiri tikupana mkombero wa wilo. Pa ngolo imene ili ndi buleki, munthu amapotokola chitsulo kumbuyo, chipika nkukhudza tayala, ng'ombe nkupepukidwa pamtsetse. Palibe chobisika. Galimoto zoyambirira zinali chimodzimodzi: phazi linkakankha chitsulo, chitsulo chinkakoka ndodo kapena chingwe chawaya, ndodoyo nkutambasula nsapato za buleki m'kati mwa diramu. Kampani ya Ford inakakamira mabuleki a ndodo ndi zingwe mpaka 1939. Munthu wodziwa kusula khasu ndi kuwongola wilo ya njinga sankavutika kumvetsa lole yotere, pakuti mphamvu yonse inkayenda m'njira imene chala chikhoza kulondola kuchokera kuphazi mpaka kutayala. Njinga inapitiriza kukhala sukulu ya amisiri a kum'mawa kwa Zambia kwa nthawi yaitali, makamaka fakitale ya Luangwa Industries itayamba kupanga njinga za Eagle ku Chipata m'zaka za m'ma 1980. Phunziro la sukulu imeneyo linali limodzi: chavuta uchione, uchigwire, uchiwongole.

Kusintha koyamba kunabwera ndi mafuta. Malcolm Loughead wa ku America anapeza njira yotumizira mphamvu ya phazi kudzera m'mafuta oyenda m'timapaipi, Duesenberg nkuika mabuleki otere pa mawilo onse anayi mu 1921, Chrysler nkutsatira mu 1924. Kuno anafala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamodzi ndi malole a Bedford ndi Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948 nkukhala galimoto ya boma, ya mishoni ndi ya oyang'anira nyama m'chigwa. Aka kanali koyamba kuti mphamvu ya buleki idutse pamalo pamene diso silifika. Mpweya ukalowa m'paipi suoneka, koma chopondera chimafewa, chimatsika mpaka pansi, galimoto osaima. Amakaniko anaphunzira kumva ndi phazi chimene maso sakanatha kuona, ndipo anatulukira mwambo umene ulipobe m'galaja iliyonse. Mnyamata wophunzira ntchito amakhala pampando wa dalaivala, mkulu wake ali chagada pansi pa galimoto, sipanala ili pa kanati ka kuseri kwa wilo. "Pompa!" Mnyamata amaponda kangapo. "Gwira!" Amakanikiza osasuntha, kanati nkutsegulidwa, mafuta a thovu nkulavulira m'botolo, chopondera nkumira. "Siya!" Amabwereza mpaka mafuta atuluke oyera opanda thovu, kuyambira wilo yakutali ndi masita silinda kumalizira yapafupi. Nzeru izi anthu anazitenga kumigodi ya ku Copperbelt, ku Salisbury ndi ku Johannesburg, m'magalaja a boma, ndi m'makampani a zamtengatenga monga Thatcher Hobson, imene inadzakhala Central African Road Services, kenako United Bus Company of Zambia boma la Kenneth Kaunda litatenga gawo lalikulu m'makampani ambiri kutsatira chilengezo cha ku Mulungushi mu 1968. Mabasi ndi malole akuluakulu anabweretsanso mabuleki a mpweya, ndipo nawonso anaphunziridwa. Ntchito imene inayamba ndi ndodo inameza mafuta, inamezanso mpweya, osatsamwa.

M'mbiri yonseyi munali kanthu kamodzi kamene sikankagwira wilo konse, koma kankangonena. Kale dalaivala akafuna kuima ankatulutsa mkono pawindo. Florence Lawrence, katswiri wa mafilimu, anapanga mu 1914 kachikwangwani kamene kankadzuka kumbuyo kwa galimoto buleki ikapondedwa, ndipo pasanapite nthawi nyali yofiira inalowa m'malo mwa zikwangwani zotere. Nyaliyo inkafuna chinthu choiuza kuti iyake. Pa Land Rover zakale switchi yake inali yomangidwa pa paipi ya mafuta a buleki, ndipo inkatseka njira ya magetsi mafuta akapanikizika. Pambuyo pake opanga galimoto anaisamutsira pamwamba pa chopondera, pamene ili mpaka lero. Kagwiridwe kake ka ntchito kamadabwitsa ambiri chifukwa nkotembenuka. Phazi likakhala kuti silinaponde, mkono wa chopondera umakhala utakanikiza kamutu ka switchi, ndipo magetsi sadutsa. Ukaponda, mkonowo umachokapo, kamutu kamatumphuka ndi sipuling'i, magetsi nkudutsa, nyali nkuyaka. Pakati pa mkono ndi kamutuko pamakhala kamphira kapena kapulasitiki kozungulira. Pa Toyota, Honda ndi Nissan zambiri zakale kamphira aka kamauma ndi kutentha, kamanyenyeka, ndipo zidutswa zake zachikasu kapena zakuda umazipeza pa mphasa ya pansi pa mapazi a dalaivala. Kakagwa, kamutu ka switchi kamalowa m'kabowo kamene katsala, nyali za kumbuyo zimayaka usiku wonse, m'mawa batire lilibe moto. Ambiri agula batire latsopano chifukwa cha kamphira kamene mtengo wake sufika wa botolo la zakumwa.

Zaka zimene zinaumba khalidwe la makaniko wa ku Lundazi ndi za kusowa. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka zomwezo, ndalama zakunja zinasowa, ndipo chitsulo chatsopano cha galimoto chinasanduka chinthu chodikirira miyezi ngakhale ku Lusaka. Kudera la kutali chonchi, munthu amene ankatha kudula mphira ya tayala lakale nkupanga bushi, kukhomera nsapato ya buleki ndi marivete, kapena kukwatitsa kabureta ya galimoto ina ndi injini ya inzake, anali munthu wofunika ngati namwino. Ndimalemekeza kwambiri m'badwo umenewo, ndipo aliyense amene anadyapo nsima ya chimanga chobwera pa lole yogambidwa ayenera kuulemekeza. Koma kusowa kunaphunzitsanso zizolowezi zina zimene zinali za kuthawira ngozi ya tsiku limodzi, nkusanduka za masiku onse. Wilo imodzi ikamadontha mafuta, paipi yake inkapindidwa ndi kutsekedwa, galimoto nkumayenda ndi mabuleki atatu. Mafuta akatha pakati pa tchire, madzi a sopo ankalowa m'malo mwake. Switchi ya nyali ikafa, mawaya ake ankasiyidwa lende kapena kulumikizidwa mwachidule. Pa zitatuzi, chomaliza chinkaoneka chopepuka, ndipo pa nthawiyo chinalidi chopepukirapo, chifukwa switchi inkalankhula ndi babu lokha. Uthenga wake ukasokonekera, wovutika anali wobwera kumbuyo basi, ndipo pa msewu umene pankadutsa galimoto zowerengeka patsiku, wobwera kumbuyoyo kawirikawiri kunalibe.

Zinthu zinatembenuka boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 nkumasula malonda. United Bus Company of Zambia inathetsedwa mu 1995, ndipo malo ake anatengedwa ndi anthu wamba ogula mabasi, maminibasi ndi galimoto zazing'ono. Zambiri mwa izo zinali zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, dziko limene limayenda kumanzere kwa msewu ngati Zambia, zotsikira pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa Nakonde, zina pa Durban. Corolla, Spacio, Noah, Vitz, Allion ndi Sienta zinadzaza masiteshoni, zambiri za giya yosintha yokha. Chimene anthu sanachione msanga nchakuti galimotozi zinabwera zitasenza zaka makumi awiri za kusintha kumene Lundazi sanakuone kukuchitika. Bosch ndi Mercedes-Benz anatulutsa ABS yoyendetsedwa ndi kompyuta, yoletsa mawilo kukokota pansi buleki ikapondedwa, mu 1978. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madandaulo a ku America okhudza galimoto ya Audi 5000 atachuluka, opanga galimoto anayamba kuika loko woletsa giya kuchoka pa P ngati buleki sinapondedwe. Mu 1995 kunabwera makina oletsa galimoto kuterereka pokhota, mu 1996 makina oonjezera mphamvu ya buleki akaona kuti dalaivala waponda modzidzimuka, ndipo mu 1997 Toyota inatulutsa Prius, yoyendera petulo ndi magetsi. Amakaniko a ku Nagoya, ku Japan, anaphunzira zimenezi chimodzichimodzi, ali ndi mabuku ndi aphunzitsi. Anzawo a ku Lundazi anazilandira zonse tsiku limodzi, popanda buku, mawu ochenjeza a pa dashibodi ali m'Chijapani.

Zatsopano zonsezi zinali ndi funso limodzi lofanana, lakuti kodi dalaivala waponda buleki kapena ayi, ndipo zonse zinapita kukafunsa kwa switchi yomwe ija imene kale inkangoyatsa babu. Kompyuta ya injini imaifunsa isanalole galimoto ya batani kulira. Loko wa giya amaifunsa asanamasuke. Giya yosintha yokha imaifunsa kuti idziwe nthawi yomasula kilatchi ya m'kati mwake. Makina osunga liwiro pa ulendo wautali amazima akamva kwa iyo, kompyuta ya ABS imamvera komweko, ndipo m'galimoto zina injini imachepetsa mphamvu ikamva kuti buleki ndi mafuta zapondedwa nthawi imodzi. Uthenga wolemera chonchi sungadalire pakamwa pamodzi. Nchifukwa chake switchi ya masiku ano ili ndi mawaya anayi m'malo mwa awiri, ndipo m'kati mwake muli njira ziwiri za magetsi zotsutsana: ukaponda, imodzi imatseka pamene inzake ikutseguka. Kompyuta imachita ngati bwalo la mfumu limene silikhutira ndi mboni imodzi, koma limafunsa awiri padera nkuona ngati mawu awo akulumikizana. Njira ziwirizo zikanena zosagwirizana, kompyuta imalemba cholakwika cha nambala P0504, imayatsa nyali yochenjeza, ndipo imasiya kukhulupirira uthenga wonsewo.

Sensa yeniyeni imapitirira pamenepa, chifukwa siinena kuti inde kapena ayi koma imanena muyezo. Mtundu wake woyamba uli ndi kanjira kopindika kamene magetsi amadutsamo movutikira, ndi kadzanja kamene kamakwawa pa kanjirako chopondera chikamasuntha. Kompyuta imatumiza mavoti 5 ku mbali imodzi, mbali ina imapita ku waya wa pansi, ndipo waya wachitatu amabweza mavoti amene kadzanja kawapeza pamalo pamene kafika. Phazi likamazama, mavoti obwererawo amasintha pang'onopang'ono, ndipo kompyuta imawerenga kuzama kwa phazi ndi liwiro lake kambirimbiri pa sekondi imodzi. Vuto la mtundu uwu ndi kutha: kadzanja kamapala kanjira, fumbi limalowa, uthenga nkumadumphadumpha. Mtundu wachiwiri sukhudzana ndi kanthu. Pa chopondera pamamangidwa maginito, ndipo pafupi pake pamakhala kachipangizo kamene kamasintha mavoti ake maginitowo akamazungulira kapena kusendera, potsatira chimene Edwin Hall anatulukira mu 1879. Mitundu yonse iwiri kawirikawiri imatumiza mauthenga awiri kuti kompyuta iziwayerekeza. Ndipo pali chinthu chimene makaniko wa zaka za m'ma 1970 sakanachilota: sensa yatsopano ikamangidwa, kompyuta iyenera kuphunzitsidwa pamene pali poyambira, ndiko kuti mavoti amene akutanthauza kuti phazi palibe. Popanda kutero, ikhoza kuganiza kuti buleki yapondedwa pang'ono ulendo wonse, kapena kuchedwa kuzindikira kuti yapondedwa. Kufunika kwa zonsezi kumaonekera bwino pa Prius ndi Aqua, zimene zikuchuluka m'misewu ya Zambia chifukwa sizimwa petulo wambiri. Pa galimotozi, ukaponda pang'ono, kompyuta imawerenga sensa nkusandutsa mota ya magetsi kukhala jenereta, galimoto nkumachepa liwiro ikudzaza batire, kenako nkuonjezera mafuta a buleki kumawilo monga mmene pakufunikira. Phazi silikukankhanso nsapato za buleki mwachindunji. Likupempha, ndipo kompyuta ndiyo ikugawa ntchito.

Apa ndi pamene chizolowezi cha zaka za kusowa chimasanduka msampha. Galimoto ya batani ikakana kulira chifukwa switchi yafa, njira yachidule ndi kulumikiza mawaya kuti kompyuta izimva nthawi zonse kuti buleki yapondedwa. Galimoto imaliradi, mwini wake nkulipira mokondwa. Koma tsopano nyali za kumbuyo zimakhala zoyaka osazima, moti wobwera kumbuyo sadziwanso nthawi imene mnzake akuimadi. Loko wa giya amakhala womasuka, ndipo mwana wosewera pampando wakutsogolo akhoza kuchotsa galimoto pa P itaima pamtsetse. Giya siigwira mokwanira pa liwiro lalikulu, petulo nkumatha msanga, ndipo makina oletsa kuterereka amadzizimitsa chifukwa sakhulupiriranso zimene akumva. Nyali yochenjeza ikayaka pa dashibodi, pali ena amene amachotsa babu lake kapena kulimata ndi tepi yakuda kuti wogula asafunse. Msewu wa masiku ano si wa 1975. Pa msewu wa Chipata ndi Lundazi pali malole a fodya ndi chimanga, njinga zamoto, njinga zosenza makala, ngolo zopanda chowalitsa kumbuyo, ndi maenje amene amaimitsa dalaivala mwadzidzidzi. Boma linafika poletsa galimoto zonyamula anthu kuyenda usiku mu 2016 chifukwa cha ngozi, koma madzulo a fumbi ndi m'mawa wa nkhungu nazonso zimafuna nyali yonena zoona.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani, pakuti sensa siimitsa galimoto, ndipo ikafa mabuleki amagwirabe. Pa galimoto wamba izi nzoona ndithu: mafuta amachokabe ku masita silinda kupita kumawilo ngakhale waya aliyense atadulidwa. Opanga Prius nawonso anasiya njira yopulumukira, yakuti magetsi akalephera, mavavu amatseguka phazi nkukankha mafuta kumawilo akutsogolo. Koma woyankhula chonchi akuyesa buleki ndi galimoto imodzi yokha pa msewu wopanda anthu. Kuima bwino ndi kuima pamene wakumbuyo wadziwa, mawilo osakokota pansi, galimoto ikumverabe chiwongolero. Njira yopulumukira ya pa Prius ija imalimbitsa chopondera nkutalikitsa mtunda woimira, ndipo inapangidwa kuti munthu afike pambali pa msewu, osati kuti azinyamula anthu mwezi wathunthu.

Chotsutsa cholemera kuposa ichi nchakuti galimoto zakale zinali zoyenera dera lino, ndipo makompyuta ndi katundu wosenzetsedwa anthu amene sanamupemphe. Ndikuvomereza zambiri m'mawu amenewa. Zipangizo za magetsi zimafadi, ngakhale m'manja mwa eni ake. Mercedes-Benz inaika mabuleki olamulidwa ndi kompyuta pa galimoto zake zina kuyambira 2001, inaitanitsa galimoto zoposa miliyoni imodzi kuti zikakonzedwe mu 2005, kenako nkuwachotsa pa galimoto zake za E-Class. Mu 2013 Hyundai ndi Kia anaitanitsa galimoto zoposa miliyoni imodzi ndi theka ku America chifukwa cha switchi ya nyali ya buleki yomweyi. Nzoonanso kuti pa msewu wa miyala yosakhazikika, monga mbali zambiri za njira ya ku Chama ndi yotsikira kuchigwa, ABS ikhoza kutalikitsa mtunda woimira, chifukwa tayala lokokota limaunjika dothi patsogolo pake nkuima msanga. Koma chotsutsachi chimaiwala ziwiri. Choyamba, mabuleki a diramu a masiku akale ankatentha ndi kufooka pamtsetse wautali, ankakokera mbali imodzi akanyowa pamtsinje, ndipo amene amawasirira lero akukumbukira kuphweka kwa kukonza kwake, aiwala mantha a okwera. Chachiwiri, Lundazi sasankha galimoto zimene zipangidwe. Zimene Japan ikugulitsa zatsopano chaka chino ndi zimene zidzaime pa siteshoni ya Lundazi zaka khumi zikubwerazi, ndipo zidzakhala ndi masensa ochuluka kuposa za lero. Kukonda Land Rover yakale sikudzakonza Aqua imene yafera ku Lumezi.

Palinso ena, makamaka achinyamata, amene amalakwira mbali inayo. Amati makaniko wakale watha ntchito, chifukwa masiku ano umangolumikiza makina oyezera pa soketi ya pansi pa dashibodi, nawo nkukuuza chimene chafa. Soketi ya mabowo 16 ija, imene America inalamula kuti ikhale pa galimoto zazing'ono zonse zatsopano kuyambira 1996, ndi chinthu chabwino zedi, ngakhale kuti makina otchipa ambiri salankhula bwino ndi galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, ndipo ena amawerenga injini yokha osafika ku kompyuta ya mabuleki. Koma ngakhale makina abwino sanena chimene chafa. Amanena dera limene uthenga wasokonekera. Nambala P0504 ikhoza kubwera chifukwa switchi yatha, kapena chifukwa inamangidwa motalikira ndi chopondera, kapena fiyuzi yapsa, kapena kamphira kaja kagwa, kapena khoswe wadya waya galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe, kapena madzi a mvula analowa m'pulagi nkuchititsa dzimbiri. Woyeza amene sadziwa zimenezi amagulitsa mwini galimoto switchi yatsopano, vuto nkubwerera mawa lake. Amene amalipeza ndi uja amalowetsa mutu pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja, tochi ya foni ili kukamwa, nkuponda chopondera ndi dzanja uku akuyang'ana manambala a pa mita ngati akukwera mosalala kapena akudumpha. Kuleza mtima kumeneku, kolondola njira kuchokera kuphazi mpaka kumapeto, ndi komwe kuja kwa wokonza njinga ndi wopopa mabuleki. Chasintha nchakuti njirayo tsopano ndi ya mavoti.

Choncho magulu awiriwa akufunana, ndipo chimene chikusowa ndi malo okumanirana. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi sukulu monga Chipata Trades Training Institute, zili ndi njira yophunzitsira za magetsi a galimoto, koma amakaniko ambiri a kumaboma akutali anaphunzira ntchito pogwirizira sipanala kwa mkulu wawo, ndipo sangatseke galaja miyezi kuti akakhale m'kalasi ku Chipata. Maphunziro a masiku ochepa ofika kumene iwo ali, okhudza kagwiritsidwe ntchito ka mita, kawerengedwe ka chithunzi cha mawaya, ndi kaphunzitsidwe ka sensa yatsopano, angapindule kuposa satifiketi imene sadzaitenga. Makina oyezera amphamvu ndi okwera mtengo kwa munthu mmodzi, koma magalaja oyandikana akhoza kusonkherana, monga amabwerekana kale jeke ndi makina owotcherera. Bungwe la RTSA, limene linabadwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, limayeza ngati nyali za buleki zikuyaka, ndipo woyezayo angachite bwino kuonanso ngati zikuzima phazi likachoka, komanso ngati nyali zochenjeza za pa dashibodi zikuyaka kaye kiyi ikangotembenuzidwa, chifukwa babu lochotsedwa limagwidwa pamenepo. Ogulitsa zitsulo nawo ali ndi gawo lawo. Maswitchi a Toyota amaoneka ofanana kunja pamene m'kati ndi osiyana, ndipo sensa yochotsedwa pa galimoto yangozi, ngakhale ili yamoyo, imafunabe kuphunzitsidwa poyambira pake isanatuluke pa geti la galaja kupita kukanyamula anthu.